Anandiuza kuti palibe vuto: zaka zanga zoyamba monga mphunzitsi kumudzi ku Thailand

Ndinatsika basi ku Roi Et m'bandakucha, kumapeto kwa Okutobala 2022, nditachezera usiku wonse panjira kuchokera ku Mo Chit, depoti yaikulu ya mabasi mumzinda wa Bangkok. M'chikwama munali pasipoti yokhala ndi viza ya alendo odzaona malo ya masiku 60, digiri yanga ya zauphunzitsi, ndi nambala ya foni ya munthu amene ndinali ndisanamuonepo ndi maso. Kumudzi ndinasiya ntchito pa sekondale ina yoyendera ku Ntcheu, komwe ndinaphunzitsa Chingerezi zaka 7. Ndinasiyanso mayi akunyumba ndi mwana wathu wamkazi wa zaka 3. Ndalama ya ndege inali yangongole, ina ya kubanki mkhonde, ina ya amalume.

Munthu wa nambala uja ndinamupeza pa Facebook. Ankadzitchula kuti ndi ejenti, koma kwathu tikanangoti dobadoba. Anandiuza kuti ndingobwera ndi viza ya alendo, zosintha mapepala tikakonzera konko, ndipo ntchito yake ndi ya masabata awiri basi. Apa ndi pamene ndinaponda molakwika koyamba. Viza yoyenera mphunzitsi imatchedwa Non-Immigrant B, ndipo munthu amatha kuitenga asananyamuke ngati sukulu yamutumizira makalata. Zimachedwerapo, koma umafika uli ndi poyambira. Ine ndinali ndi phuma chifukwa teremu yachiwiri ku Thailand imatsegulira pa 1 Novembala, ndiye ndinkaopa kuti malo angatengedwe ndi wina.

Sukulu yake ili kumudzi ndithu, ulendo wa pafupifupi ola limodzi kuchokera m'tauni ya Roi Et, m'chigawo chomwe amachitcha Isan. Dera lake ndi lathyathyathya, minda ya mpunga mpaka pomwe maso alekezera, apo ndi apo nzimbe ndi chinangwa. Anthu ake pakhomo amalankhula chinenero chofanana kwambiri ndi cha ku Laos, Chithai chenicheni amachisungira kusukulu ndi kumaofesi. Anandipezera kanyumba kuseri kwa nyumba ya agogo ena aakazi, amene aliyense ankangowaitana kuti Yai, kutanthauza agogo. Lendi inali 2,500 baht pamwezi (baht ndi ndalama ya ku Thailand).

Moyo wa pasukulu unanditenga mtima msanga. Ikamakwana 7:30 aphunzitsi ena amakhala ataima pachipata, ana akulowa mmodzimmodzi, aliyense akuphatikiza manja pachifuwa n'kuweramitsa mutu. Moni umenewo amautcha wai. Pa 8 koloko mbendera imakwera, nyimbo ya fuko imaimbidwa, kenako pemphero lachibuda, kenako ahedi, amene kuno timati Phor Or, amalankhula mpaka dzuwa litayamba kuwawa pamutu. Ana amavula nsapato asanalowe m'kalasi, n'kuzindandalika bwinobwino pakhonde. Kalasi langa lalikulu linali ndi ana 38. Munthu wochokera kumene ndinkaphunzitsa ana oposa 100 m'chipinda chimodzi, ena atakhala pazenera, ndinaona ngati ndabwera kutchuthi. Maina awo enieni ndi aatali, ndiye aliyense ali ndi dzina lapakhomo lalifupi. M'kalasi limodzi ndinali ndi Bank, Golf, Ice ndi mtsikana wina wochenjera dzina lake Moo, kutanthauza nkhumba, ndipo palibe amene ankaona chachilendo.

Chimene chinanditsegulira mitima ya aphunzitsi anzanga chinali chakudya chamasana. Amadyera limodzi, mbale zonse pakati. Chakudya chawo chenicheni ndi mpunga womata, khao niao, umene amausunga m'timadengu tansungwi totsekera, ndipo amadya ndi manja. Tsiku loyamba anandiikira supuni pambali n'kumandiyang'ana cham'mbali. Ine ndinangotema mbamu, n'kuiumba m'dzanja, n'kuboola pakati ndi chala chachikulu monga timachitira ndi nsima, n'kusunsa. Tebulo lonse linaombera m'manja. Mawa lake wina anabwera ndi nkhululu zokazinga m'kajumbo kuti andiyese. Ndinatapa zodzaza dzanja. Anakhumudwa pang'ono, chifukwa mzungu amene analipo kale ankathawa. Chimene chinandigonjetsa ndi tsabola wa mu som tam, saladi yawo ya papaya losapsa yomwe amathiramo nsomba zofufumitsa za pla ra. Kambuzi wathu ndi mwana.

Za khungu ndinene mosabisa. Mawu oti farang amanenera azungu. Ine ana ankanditcha khon dam, munthu wakuda, ndipo ang'onoang'ono akumudzi ankabwera kudzandisisita pamkono kuti aone ngati mtunduwo uchoka. Chipongwe chenicheni sindinakumane nacho kumudziko. Koma pa malipiro pamaoneka poyera. Ine ndinkalandira 20,000 baht pamwezi. Mzungu amene ndinalowa m'malo mwake, yemwe analibe digiri ya zauphunzitsi, ankalandira yoposa 30,000. Mmalawi, ngakhale anaphunzira Chingerezi kuyambira kupulaimale, samuwerengera m'gulu la eni chinenerocho. Muzidziwiretu zimenezi musanawerengere ndalama zomwe muzitumiza kumudzi.

Tsono nkhani ya mapepala. Sabata yachiwiri ndinafunsa mayi wina amene anali mkulu wa dipatimenti ya zinenero. Ndinkamuitana kuti Phi, kutanthauza achemwali, chifukwa anali wamkulu kwa ine. Anamwetulira n'kuti, "Mai pen rai, Teacher." Mawu amenewa mudzawamva tsiku lililonse, amatanthauza kuti palibe vuto, osadandaula. Ndinaimbira dobadoba uja, nayenso anati zikuyenda. Sabata yachinayi, yankho lomwelo. Ndinaleka kufunsa poopa kuoneka wovuta, pajatu mlendo sathyola mphasa.

Tsiku lina kumayambiriro kwa Disembala, ndili pakati pophunzitsa, Phi anabwera pakhomo la kalasi n'kundikodola. Anati ndikapume kunyumba, kukubwera alendo ochokera kuboma. Anandikweza yekha panjinga yamoto kudzera kachipata kakuseri. Ndinakhala m'kanyumba kanga tsiku lonse, zenera lotseka, ndikumva galimoto iliyonse yodutsa pamsewu. Madzulo ake ndinapita kwa mphunzitsi mnzanga wa ku Philippines, yemwe anali atakhala m'dzikomo zaka zambiri, n'kumufunsa kuti andiuze zoona. Anatenga pepala n'kundilembera. Kugwira ntchito wopanda chilolezo ndi mlandu, chindapusa chake ndi pakati pa 5,000 ndi 50,000 baht, ndipo amakubweza kwanu. Kuti upeze chilolezocho pamafunika viza ya Non-B ndi kalata yochokera ku bungwe loona za aphunzitsi lotchedwa Khurusapha. Munthu wochokera kudziko ngati lathu, kuti apatsidwe kalatayo, ayenera kuonetsa zotsatira za mayeso a Chingerezi, ndipo ambiri amalemba a TOEIC, pomwe pamafunika mapointi 600. Komanso kuti asinthe viza ya alendo kukhala Non-B uli m'dziko momwemo, iyenera kukhala itatsala ndi masiku osachepera 15. Anandifunsa ngati ndinalemba TOEIC. Aka kanali koyamba kulimva dzinalo.

Yanga inali itatsala ndi masabata atatu osakwana. Ndinathamangira ku imigireshoni kukaonjezera masiku 30, ndinalipira 1,900 baht. Ndinakwera basi yausiku kupita ku Bangkok kukalemba mayeso aja, omwe anandidyera pafupifupi 2,000 baht, ya basi ndi pogona padera. Mayesowo si ovuta kwa munthu amene anadutsa MSCE bwino, chovuta ndi liwiro la gawo lomvetsera. Mapepala onse tinakapereka sabata yoyamba ya Januwale, kutatsala masiku 18, n'kulipiranso 2,000 baht yosinthira viza. Kabuku ka chilolezo chogwirira ntchito ndinakagwira m'manja mu Febuluwale. Miyezi itatu yathunthu ndinaphunzitsa ndikuphwanya lamulo, ndipo akanandigwira wolipira ndikanakhala ine.

Patapita nthawi Phi anandiululira kuti sankadziwa n'komwe kuti mapepalawo amayamba pati. Sukulu inali isanalembepo munthu wa ku Africa, iye ankaganiza kuti ejenti akukonza, ejenti ankaganiza kuti sukulu ikukonza. Ndinamufunsa chifukwa chake sanandiuze. Anati ankachita kreng jai. Mawu amenewa alibe ofanana nawo ndendende m'Chichewa, koma ali pafupi ndi manyazi aulemu aja amene amatiletsa kuuza apongozi kuti ndiwo zatha. Munthu safuna kukuvutitsa mumtima kapena kudzichititsa manyazi, ndiye amakupatsa yankho lozizira. Sanandinamize mwankhanza, ankandisamala m'njira yake. Koma imigireshoni siwerenga kumwetulira. Kuyambira pamenepo ndinasiya kufunsa kuti "zikuyenda?" Ndimafunsa kuti pepala lakuti lili pa tebulo la ndani, ndipo ndimapempha kuliona.

M'kalasi namo ndinaphunzira mowawa. Mnyamata wina wa Mathayom 3, yomwe tingaiyerekeze ndi Fomu 1 kapena 2 kwathu, ankasewera pafoni kachitatu ndikumuletsa. Ndinamukalipira monga ndikanachitira ku Ntcheu, mawu okweza, kumuimiritsa pamaso pa anzake, chala chili pamphuno. Kwathu ana akanaseka, iye akanakhala pansi, nkhani n'kutha. Kuno kalasi lonse linangoti zii. Mawa lake palibe amene anayankha funso ngakhale limodzi, ngakhale Moo yemwe sankatseka pakamwa. Zinakhala choncho masabata awiri. Palibe mphunzitsi amene anandidzudzula, koma pachakudya chamasana nkhani zinachepa. Mnzanga wa ku Philippines ndi amene anandimasulira kuti ndinamuchotsera mwanayo ulemu pagulu, ndipo pokwiya poyera ndinadzichotseranso wanga. Kuno munthu wopsa mtima pagulu amaoneka ngati wosakhwima. Ndinamuitana mnyamatayo payekha pansi pa mtengo, ndinamugulira tiyi wozizira, tinakambirana ndi Chingerezi chake chochepa ndi Chithai changa chothyokathyoka. Zinatheka, koma pang'onopang'ono.

Tinthu tina n'tating'ono koma timawerengedwa. Osalumpha miyendo ya munthu amene wakhala pansi, osaloza kanthu ndi phazi, osagwira munthu wamkulu kumutu. Za mfumu ya dzikolo ndi banja lake osayankhulapo n'komwe, kaya mocheza kaya pa intaneti, chifukwa lamulo lawo, gawo 112, limapereka zaka 3 mpaka 15 kundende. Ndipo pa zotsatira za mayeso musadzavutike mtima ngati ine. Ndinalepheretsa ana 11 teremu yoyamba, Phi anandibwezera pepalalo mwaulemu n'kuti ndiwapatse ntchito ina yoti akonzere. Anakonza, ena pongokopera ndime m'buku, onse anadutsa. Mpaka lero sindigwirizana nazo, koma ndinaleka kulimbana nazo.

Chilala chinabwera mu Malichi. Kontilakiti ya dobadoba ndinaisaina ili m'Chithai, ndipo chaka chomwe chinalembedwapo chinali 2565, popeza kalendala yawo ili patsogolo ndi zaka 543. Sindinaiwerenge, sindinapemphe wondimasulira. Inkanena kuti malipiro ndi a masiku ophunzitsa okha. Mayeso atatha pakati pa Malichi ndinalandira theka, Epulo yense osalandira kanthu, mpaka sukulu kutsegulira pakati pa Meyi. Epulo ndi mwezi wotentha kwambiri, masana kumadutsa madigiri 40, Chikwawa ya mu Okutobala. Anthu ankathirana madzi pa chikondwerero cha Songkran, pa 13 mpaka 15, ine ndikuwerenga makobidi ogulira zakudya za m'mapaketi. Yai anazindikira yekha. M'mawa uliwonse, akatha kupereka chakudya kwa amonke odutsa pamsewu, ankandisiyira kadengu ka mpunga pakhomo, ndipo lendi ya mwezi umenewo anakana kulandira.

M'nyengo yomweyo ndinatulukira kuti sukulu inkapereka 28,000 baht kwa dobadoba pa dzina langa mwezi uliwonse. Ndinapita kwa Phor Or pamodzi ndi Phi, nditanyamula dengu la zipatso, n'kupempha modzichepetsa kuti andilembe okha. Anavomera 25,000 baht, miyezi 11 pachaka. Ulendo uno kontilakiti inamasuliridwa mzere ndi mzere ndisanagwire cholembera.

Apa ndi pamene ndinaitanitsa banja. Mkazi ndi mwana amabwera pa viza ya Non-O, yodalira ya mwamuna, ndipo pamafunika mtchatho wovomerezeka ndi boma komanso chikalata cha kubadwa kwa mwana. Ife tinali ndi chinkhoswe ndi pepala la kutchalitchi, tinkaona ngati n'zokwanira. Mayi akunyumba anayenda maulendo angapo ku Lilongwe kukonza ndi kudinditsa zikalatazo, miyezi iwiri inapita. Anafika mu Juni 2023, sabata yomwe sukulu inachita mwambo wa Wai Khru. Mwambowu umachitika Lachinayi, ana amayenda ndi maondo kudzapereka maluwa okonzedwa mwaluso kwa aphunzitsi awo, n'kugwada mpaka chipumi pansi. Mayi akunyumba anaonerera ali kumbuyo kwa holo. Madzulo anandiuza kuti, "Bambo a mwana, zaka 7 zija ku Ntcheu munalandirako duwa ngakhale limodzi?"

Mwana sanavutike. Analowa anuban, sukulu yawo ya mkaka, ndipo pofika Okutobala ankakangana ndi anzake m'chinenero cha Isan, n'kumatimasulira kumsika. Amene anavutika ndi mayi ake. Viza yawo siwalola kugwira ntchito, ndipo munthu amene kwathu ankagulitsa kaunjika pamsika tsiku lililonse anapezeka akungokhala m'nyumba, wopanda woyankhula naye kupatula foni. Izi sindinaziganizire n'komwe poitanitsa banja, ndinkangoona za ine ndekha kusowa anthu. Tinakangana kambirimbiri miyezi yoyambayo, ndipo kawiri konse ananena zobwerera.

Nsima inaonjezera mavuto. Ufa womwe anabwera nawo unatha m'masabata atatu. Ndinapita kusitolo ndi mawu omwe ndinaloweza, paeng khao phot, ufa wa chimanga, ndinagula mapaketi anayi mokondwa. Mayi akunyumba atathira m'madzi otentha, m'poto munatuluka chinthu chowala, chonanda ngati guluu womatira mapepala. Unali sitachi wothira mu supu. Anaimirira ndi mthiko m'manja n'kuyamba kulira, osati chifukwa cha nsimayo yokha. Yai anamva, anabwera, anasuzumira m'poto, anaseka mpaka kukhala pansi. Mawa lake anawatenga panjinga yamoto kupita kwa munthu wina wogulitsa chimanga chouma cha nkhuku, anasankha choyera bwino, anakachigayitsa kwa wachibale wake amene ali ndi kachigayo. Mgaiwa wake ndi wachikasu, wokhakhala pang'ono, koma ndi nsima. Kuchokera tsiku limenelo awiriwo anakhala pa ubwenzi wopanda chinenero. Anayamba kulimira limodzi kadimba kuseri kwa nyumba, ndipo Yai anadabwa kuona kuti ifenso timadya nkhwani. Chinangwa chomwe chili mbwee m'mindamo musachithamangire kudya chachiwisi, chambiri ndi chowawa cholimidwira mafakitale, chimafunika kuviika ngati cha kondoole.

Mu Ogasiti, mvula ili pakati, mwana anatentha thupi kwambiri. Ife ndi maganizo akwathu tinati ndi malungo. Kuchipatala cha boma anapeza kuti ndi dengue, matenda ofalitsidwa ndi udzudzu woluma masana, womwe umaswana m'madzi okhala m'mitsuko ndi m'matayala. Anagonekedwa masiku anayi. Anamwino anamusamala bwino, koma inshulansi tinalibe, ndiye tinalipira pafupifupi 9,000 baht. Anatichenjeza kuti pa dengue sapereka asipirini kapena ibuprofen chifukwa amaonjezera kutaya magazi, koma panado yekha. Masikito sathandiza mokwanira poti udzudzu wake suyembekezera usiku. Ndipo gulani inshulansi ya banja lonse asanakwere ndege, musatengere ife.

Tsopano chachikulu. Kumapeto kwa Novembala 2023, usiku cha m'ma 2 koloko, mlongo wanga anaimba. "Achimwene, ababa atisiya." Sindikumbuka bwino zomwe ndinachita maola otsatirawo. Phor Or anandilola kupita nthawi yomweyo. Aphunzitsi anasonkha ndalama mu envulopu, monga timachitira chipepeso, chifukwa nawonso mwambo umenewo ali nawo. Phi anandiperekeza kukakwera basi, anandigwira dzanja n'kuti ndisadandaule za kuno, mai pen rai. Ndinagula tikiti yopita ndi kubwerera kudzera ku Addis Ababa. Pa bwalo la ndege la Suvarnabhumi, wa imigireshoni anatsegula pasipoti, anandiyang'ana, ananena mawu angapo. Mutu wanga unali kale pa siwa ku Ntcheu. Ndinangoti "khrap", kuvomera, iye anadinda.

Tsiku lachitatu titaika maliro, tili pabwalo ndi amalume tikukambirana za munda wa malemu, foni inalira. Unali uthenga wa pa LINE, yomwe ili ngati WhatsApp yawo, kuchokera kwa mnzanga wa ku Philippines, wondipepesa, ndipo kumapeto anafunsa ngati ndinatenga re-entry permit. Ndinalowa m'nyumba, ndinatulutsa pasipoti. Pafupi ndi chidindo chondilola kukhala mpaka Malichi 2024 panali kachidindo kena kakang'ono, m'Chingerezi chomveka bwino, kochenjeza kuti wofuna kusunga chilolezo chake chokhalira m'dzikomo atenge chilolezo chobwereranso asanatuluke. Kanali m'pasipoti mwanga miyezi yonseyo. Ine mphunzitsi wa Chingerezi sindinakawerenge. Ukatuluka wopanda chimenecho, nthawi yonse yomwe anakupatsa imafafanizika pomwepo pachipata. Mtengo wake ndi 1,000 baht pa ulendo umodzi, 3,800 baht pa maulendo angapo, ndipo ndikanatha kuchigula pabwalo la ndege pomwepo, mphindi zochepa chabe ndisanadinditse. Pano ndimakhulupirira kuti wa imigireshoni uja ankandifunsa zomwezo.

Ndinakhala pa mphasa m'chipinda cha malemu bambo, thukuta lili kamukamu. Mkazi ndi mwana ali kutsidya la nyanja, pa mapepala odalira anga omwe tsopano anali atafa. Nditawaimbira mayi akunyumba anakhala chete nthawi yaitali, kenako anangofunsa kuti, "Ndiye tizidya chiyani?"

Zonse zinayambira pachiyambi. Ku Malawi kulibe ofesi ya kazembe wa Thailand, ndiye makalata atsopano ochokera kusukulu anayenera kubwera ndi kampani yonyamula makalata, kenako pasipoti n'kutumizidwa kudziko lina. Phi ulendo uno anachita zonse yekha, akunditumizira chithunzi cha pepala lililonse likasainidwa, osatchulanso mawu aja. Tikiti ndinaisintha kawiri. Kwacha inali itangotsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala momwemo, ndiye chilichonse cholipira m'madola chinali cholasa. Masabata awiri omwe ndinapempha anasanduka asanu ndi awiri. Malipiro a Disembala sindinalandire, ndipo sindikanadandaula poti sindinaphunzitse. Nditawerengera zonse, makalata, viza yatsopano, kusintha tikiti, malipiro otayika ndi kukonzanso mapepala a mayi ndi mwana kuti agwirizane ndi anga, chidindo cha 1,000 baht chinandidyera yoposa 50,000.

Amene anasunga banja langa masabata amenewo ndi anthu akumudzi kuja. Yai anawasamutsira m'nyumba mwake kuti asamagone okha. Inali nyengo yokolola mpunga, ndipo mabanja a ana omwe ndimaphunzitsa anabweretsa wina thumba, wina mazira, wina nsomba za m'dziwe. Bambo ake a mnyamata ndinamukalipira uja ndi amene ankatenga mwana wanga kupita naye ku anuban m'mawa uliwonse. Nkhani ya foni ija sanaitchulepo, sindikudziwa ngati anaimva n'komwe.

Ndinabwerera pakati pa Januwale 2024. Loweruka lotsatira Yai anaitana anthu, anayala mikeka, pakati anaika chinthu chosanjikiza chopangidwa ndi masamba a nthochi ndi maluwa. Mkulu wina wa m'mudzimo analankhula motalika mokhala ngati akuimba. Kenako aliyense, kuyambira Yai mpaka ana, anabwera kudzandimanga kaulusi koyera padzanja akunena mawu ondifunira zabwino. Mwambowu amautcha bai sri su khwan, amati amaitana mzimu wa munthu amene wayenda kutali kapena wakumana ndi zowawa kuti ubwerere m'thupi. Ndine Mkhristu wa CCAP, ndipo mayi akunyumba anandiyang'ana ndi diso lofunsa, koma ndinatambasula dzanja. Pomaliza mkono unali woyera mpaka pafupi ndi chigongono. Anati ndisadule maulusiwo kwa masiku atatu.

Ndi maulusi omwewo padzanja ndinapita ku imigireshoni Lolemba kukalembetsa kuti ndabwerera pakhomo pa Yai, chifukwa mwini nyumba amayenera kudziwitsa boma mlendo akafika, pa fomu ya TM30. Mu Malichi atandionjezera chaka china, ndinapempha pomwepo chilolezo chobwereranso cha maulendo angapo, cha ine, ndi cha ulendo umodzi cha mayi ndi cha mwana, ngakhale tinalibe ulendo uliwonse. Pa khoma pafupi ndi filiji tinamata pepala lokhala ndi masiku onse: lokaonekera ku imigireshoni pakatha masiku 90 aliwonse, lomwe ukaphonya ndi 2,000 baht, lothera viza ya aliyense, lothera chilolezo cha ntchito, ndi lothera kalata ya Khurusapha, yomwe imakhala zaka ziwiri. Amene amaliyang'anira ndi mayi akunyumba, poti anati ine pa zowerenga zidindo ndinalephera kale. Ngongole ya amalume ndinamaliza kubweza mu Ogasiti 2024, ya kubanki mkhonde inatsala pang'ono.